Foni, banki m'khonde, SACCO kapena banki: ndalama za geni tizizisunga kuti kuno ku Mzuzu?

Mlamu wanga amagulitsa usipa wouma mumsika wa Zigwagwa. Amakapikula ku Nkhata Bay, ndipo nthawi zina amangotumiza ndalama kwa munthu wake wa ku Usisya n'kumadikira matumba. Tsiku lina madzulo, kukuwaza kamvula kathu kosadziwa nyengo kaja, anafika kwathu ku Chibavi ndalama atamangirira pansonga ya chitenje. Atakhala pansi anati, "Alamu, inu mumayenda m'maofesimu, tandiuzani. Ndalama izi ndikaziike kuti? M'nyumba zikutha ngati mchere wagwera m'madzi."

Ndinayamba ndawafunsa kuti ndalamazo akufuna zigwire ntchito yanji. Anaseka, ati ndalama ntchito yake ndi imodzi. Koma titawerengera bwino tinapeza kuti pachitenje paja panali ndalama za mitundu itatu: za kukaodera usipa Lachisanu likudzalo, za fizi ya mwana wa Fomu 3 yofunika pakatha miyezi iwiri, ndi zina zomwe amalota kuti tsiku lina zidzagule malata. Ndalama zitatu zoterezi sizingagone malo amodzi, ndipo apa m'pamene ambiri timalakwira. Timafunsa kuti njira yabwino ndi iti, pomwe tikanayamba tafunsa kuti ndalamayo tidzaifuna liti.

Ya pafoni ndiye aliyense akuidziwa. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero kuchoka ku Luwinga kukafika ku Mchengautuwa simungayende mtunda wautali osaona kambulera kapena kakhumbi ka ejenti. Kafoni kamabatani n'kokwanira, mungoimba *211# kapena *444#. Kulembetsa kumangofuna chiphaso cha unzika chija a NRB anatijambulira mu 2017. Njira imeneyi yafikitsa ndalama kumene banki sinapondeko, ndipo pa zimenezi sitingaitsutse. Kale kutumiza ndalama ku Usisya kunali kupatsira munthu wokwera boti n'kumapemphera. Panopa mlamu amatumiza ali pabenchi yake, msodzi n'kuimba kuti zafika. Wa kabaza wa njinga, amene kuno timati Sacramento, akatchaja tsiku lonse amatha kuika zomwe wapeza asanadutse m'tinjira ta mdima popita kwawo ku Masasa.

Koma ndalama ya pafoni imalumidwa nthawi iliyonse ikasuntha. Kutumiza mumalipira, wolandirayo potapa amalipiranso. Munthu amene amaika m'mawa n'kutapa madzulo, mawa chimodzimodzi, pakutha pa mwezi amakhala wadyetsa phindu la beseni lathunthu osazindikira. Ndiye pali nkhani ya floti, ndalama zomwe ejenti amakhala nazo zothandizira makasitomala. M'tauni muno ejenti uyu akati alibe mumangopita kwa winayo, koma pitani kumidzi ya ku Mzimba kapena kumapiri a ku Rumphi nthawi yokolola, mukapeza ejenti mmodzi yekhayo akukuuzani kuti ndalama zomwe mukufunazo mubwere mawa. Netiweki ikathawanso, ndalama zanu mumangoziona m'maganizo. Akuba nawonso anasamukira komweko: uthenga woti "ndatumiza ndalama molakwika, chonde bwezani", kapena munthu woimba ngati wa kukampani kufuna nambala yanu yachinsinsi. Wogwira ntchito weniweni safunsa nambala imeneyo, ndipo musanabweze kalikonse yambani mwaona ndalama zomwe zili mu akaunti yanu. Chinanso chimene anthu sachitchula n'chakuti foni ili pafupi kwambiri ndi dzanja. Mbale akaimba kuti kwagwa vuto simunganame kuti banki yatseka. Kwa ine ndalama yoyenera kukhala pafoni ndi yomwe ichoke sabata yomweyo.

Pa banki m'khonde ndichedwapo, chifukwa ndi imene amayi ambiri a m'makomboni athu amaikhulupirira, ndipo ndi imenenso yapasula maubale ambiri. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, kenaka inafalikira m'maiko ambiri, kuno nakonso. Kachitidwe kake koyambirira n'kosavuta: anthu 15 mpaka 25 odziwana, kukumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwereketsana ndalama zomwezo pa chiwongoladzanja chomwe agwirizana, n'kudzagawana pakatha miyezi 9 kapena 12. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo lili kwa munthu wachinayi. Pambali pamakhala kathumba kadzidzidzi ka maliro ndi matenda.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Palibe fomu yachingerezi, palibe wofunsa chikole cha nyumba, ngongole mumaipempha lero n'kuitenga lero lomwe. Ndipo manyazi amagwira ntchito yomwe banki singaithe: munthu amayesetsa kupeza ya sheya chifukwa safuna kuti anzake amuone akubwera chimanjamanja. Amayi ambiri omwe akhoma malata ku Zolozolo ndi ku Ching'ambo anakhomera ndalama za mu Disembala pogawana.

Funso lomwe ndinamufunsa mlamu ndi ili: phindu limene mumagawanalo limachokera kuti? Silichokera kunja. Limachokera m'matumba mwa mamembala omwewo. Tiyerekeze kuti gulu lanu limabwereketsa pa 20 peresenti pamwezi, monga magulu ambiri amachitira. Mwasunga K100,000 chaka chonse, pogawana mwalandira K140,000, mwavina. Koma ngati m'chakacho munabwereka K100,000 katatu n'kumabweza ndi K20,000 pamwamba ulendo uliwonse, mwapereka K60,000 kuti mulandire K40,000. Wapindula ndi mnzanu uja amaika masheya ambiri koma sabwereka kawirikawiri. N'chifukwa chake magulu ena anaika lamulo loti aliyense azibwereka, afune asafune, ndipo lamulo limeneli ndi limene limagwetsa anthu. Munthu alibe geni yoti aikemo ndalamayo, waitenga chifukwa chokakamizidwa, wagulira ndiwo ndi nsalu, mwezi watha. Kuti abweze amakalowa gulu lachiwiri, kenaka lachitatu kuti atseke lachiwirilo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mapeto ake ndi aja timawaona, amayi gulu lonse atafika pakhomo kudzanyamula mipando ndi matiresi, mwini wake atathawira kwawo ku Karonga.

Komanso banki m'khonde ilibe kodandaula kwenikweni. Msungichuma akadya ndalama mumathera kwa mfumu ya mudzi, kwa abusa kapena kupolisi, ndipo ngati wadya ndalamayo ndi mlamu wa wapampando, khoswe wakhala pamkhate. Magulu a m'tauni ambiri anasiya bokosi la maloko atatu lija, ndalama zimangotumizidwa pa nambala ya munthu mmodzi, nkhani zonse pa WhatsApp. Pamenepo chomwe chinkateteza gulu, kuwerengera ndalama poyera aliyense akuona, chapita. Gulu lomwe ndingalole mbale wanga kulowa ndi la anthu okhala dera limodzi, lokhala ndi malamulo olembedwa, losakakamiza ngongole, ndipo ndalama zikachuluka chakumapeto kwa chaka likaziika ku akaunti ya gulu yosainira anthu atatu. Magulu omwe ali pansi pa COMSIP, bungwe lolimbikitsa magulu osunga ndalama, amaphunzitsidwako kalembedwe ka mabuku, ndipo zimenezi zimathandiza.

Chiperegani ndi mng'ono wake wa banki m'khonde: anthu khumi, aliyense K10,000 pasabata, mmodzi n'kutenga zonse. Palibe chiwongoladzanja, palibe phindu, n'kungokakamizana kusunga. N'chabwino pogulira chinthu chimodzi chodziwika, koma womaliza kulandira ndiye amasenza chiopsezo chonse.

Njira yomwe ndimaona kuti anthu a geni amainyalanyaza popanda chifukwa ndi SACCO, kopaletivu yosunga ndi kubwereketsa ndalama. Ambiri amaganiza kuti ndi ya aphunzitsi ndi anamwino okha, poti iwo ndiwo amadulidwa kumalipiro, ndipo n'zoona kuti ma SACCO akuluakulu monga United Civil Servants SACCO anakulira pa anthu a m'boma. Koma alipo ena olandira aliyense, wa geni ndi mlimi yemwe. Anthu a kumpoto kuno nkhani ya makopaletivu si yachilendo, alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka akhala akugulitsa kudzera mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union kwa zaka zambiri. SACCO ndi kopaletivu yomweyo, kungoti katundu wake ndi ndalama. Mukagula masheya ndinu mwini wake, pamsonkhano wapachaka muli ndi voti imodzi mofanana ndi amene ali ndi masheya ochuluka, ndipo phindu likapezeka mumagawana. Bungwe lawo lalikulu, MUSCCO, lilipo kuyambira 1980, ndipo kuchokera pa lamulo la 2011 ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Apa ndiye pali kusiyana kwakukulu ndi banki m'khonde: mabuku amafufuzidwa ndi anthu akunja, ndipo pali ofesi yomwe mungakadandauleko.

Ngongole ya ku SACCO imayenderana ndi zomwe mwasunga, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo chiwongoladzanja chake pamwezi n'chotsika kwambiri poyerekeza ndi 20 peresenti ya pakhonde ija. Nthawi yobweza ndi yaitali, ndiye ngongole ya malata kapena ya firiji yogulitsira zoziziritsa imakwanira bwino kumeneku. Kuipa kwake n'kwakuti SACCO siithamangira. Mumayamba mwasunga miyezi ingapo asanakubwerekeni, amafuna mamembala anzanu okuikirani umboni, ndipo mnzanu amene munamusainira akathawa, masheya anu ndiwo amagwidwa. Masheyawo simungawatape ngati ndalama ya pafoni. Kwa munthu wofuna malata, kuvuta kotapaku ndi mwayi. Musanalowe funsani chiphaso chawo chochokera ku Reserve Bank, funsaninso ngati msonkhano wapachaka unachitika ndiponso ngati chaka chathachi anagawa phindu. Akayamba kuzungulira poyankha, tulukani.

Tsono banki yeniyeni. Mzuzu ndi mzinda wa anthu oposa 220,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo mabanki akuluakulu onse ali ndi nthambi muno: National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, First Capital. Ngakhale Reserve Bank ili ndi nthambi yake konkuno. Vuto ndi lakuti nthambizi zaunjikana pakatikati pa tauni ndi m'maboma, pomwe chigawo chathu n'chamapiri ndi midzi yotalikirana. Munthu wa kumudzi amatha kuwononga tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti yochuluka kuti akatape ndalama yochepa. Onjezerani mzere wa pamapeto a mwezi, ndi mantha aja munthu wovala silipasi amakhala nawo polowa m'nyumba ya magalasi. Mlamu anandiuza kuti analowamo kamodzi, anapatsidwa fomu, n'kutuluka nayo osabwereranso.

Mabanki anaiona nkhaniyi ndipo asintha ndithu. NBS ili ndi akaunti ya Pafupi, FDH ili ndi Ufulu komanso ma ejenti a Banki Pakhomo, Standard Bank inabweretsa Unayo, National Bank ili ndi Mo626. Maakaunti oterewa amatsekulidwa ndi chiphaso cha unzika, ena pafoni pomwepo, ndipo kuika ndi kutapa mumachitira pagolosale ya m'dera lanu. Ndalama zimathanso kuchoka ku banki kupita ku Airtel Money kapena Mpamba ndi kubwerera. Kunena zoona, mpanda womwe unali pakati pa banki ndi foni wagwa, kwatsala n'kuti anthu adziwe.

Chomwe banki imaposa nacho njira zina zonse ndi chitetezo ndi mbiri. Ndalama zambiri, monga za munthu amene wagulitsa fodya ku okushoni ya Mzuzu kapena wopita kukaoda katundu ku Kyela ndi ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, sizoyenera kugona m'bokosi la gulu. Alimi a fodya amalandirira kale ku banki, ndiye iwo akaunti ndi yosathawika. Lamulo la 2022 linakhazikitsanso Deposit Insurance Corporation, yoti banki itagwa osunga ndalama abwezeredwe mpaka pa mlingo woikika. Ndipo sitetimenti ya banki ndi umboni woti geni yanu imalowetsa ndalama, chinthu chomwe kope la banki m'khonde silingakuchitireni tsiku lomwe mudzafune ngongole yaikulu. Koma funsani za ndalama zomwe amadula pamwezi musanasaine. Ine ndinasiyapo kandalama mu akaunti ina kwa chaka, pobwerera ndinapeza katatha, ndipo wolakwa ndinali ine amene sindinafunse. Ngongole ya ku banki kwa munthu wa usipa ndi yovuta kuipeza, amafuna chikole ndi mapepala, ndipo chiwongoladzanja chinakwera kwambiri Reserve Bank itakweza mlingo wake kufika pa 26 peresenti mu 2024.

Mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, monga FINCA, VisionFund ndi MicroLoan Foundation, anabwera kudzatseka mpata umenewu, ndipo amabwereketsa m'magulu popanda chikole chachikulu. Boma nalo lakhala ndi thumba lake la ngongole lomwe lasinthidwa maina kangapo, MARDEF, MEDF, NEEF. Kulikonse komwe mungapite, funso lofunika ndi limodzi: ndikatenga zakuti, ndidzabweza zingati zonse pamodzi? Peresenti yokha imanamiza. Tengani K300,000 yobweza miyezi 6 pa 5 peresenti pamwezi. Akamawerengera pa ndalama yonse yoyamba ija mwezi uliwonse, chiwongoladzanja ndi K90,000. Akamawerengera pa yotsala mukamabweza K50,000 mwezi ndi mwezi, ndi K52,500. Onse awiri adzakuuzani kuti "5 peresenti". Funsaninso za ndalama yomwe amadula poyamba ya mafomu ndi inshuwalansi, ndi tsiku loyamba kubweza. Ngongole yobweza sabata iliyonse imayenera wa mandasi kapena wa tomato amene ndalama imalowa tsiku ndi tsiku. Mlimi wa chimanga amene adzaone ndalama mu Juni imamupha.

Za katapila sindichedwapo. Wobwereka K50,000 n'kubweza K75,000 kapena K100,000 pakutha pa mwezi, khadi ya ATM ndi chiphaso zili m'manja mwa mwini ndalama, ameneyo sakuthandizidwa. Anthu amapitako chifukwa mwana wadwala usiku ndipo kwina konse n'kotseka, ndipo kathumba kadzidzidzi ka pagulu kaja ntchito yake ndi yomweyi.

Pali mdani mmodzi amene njira zonsezi sizimuletsa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Amalonda a mu Taifa Market, omwe katundu wawo amachokera ku Tanzania, anasintha mitengo sabata yomweyo. Amene anasunga ndalama ya malata 30 anadzuka ili ya malata ochepa, kaya inali pafoni, ku banki kapena pansi pa matiresi. Mitengo ikamakwera ndi 20 kapena 30 peresenti pachaka monga zakhalira zaka zapitazi, chiwongoladzanja cha akaunti wamba yosungira sichingaipeze. N'chifukwa chake sindimawaseka makolo athu amene amasunga chuma mu mbuzi, mu matumba a mpunga wa Kilombero kapena mu njerwa. Akudziwa chomwe akuchita. Kungoti mbuzi imafa, mpunga umafumbwa, ndipo mwana akadwala simungadule mwendo wa mbuzi kukalipira kuchipatala. Nzeru yomwe ndaona kwa anthu omanga nyumba ku Nkhorongo ndi yosadikira kuti ndalama ikwane yonse: ikakwana ya malata asanu, amagula asanuwo n'kuwaimika m'chipinda.

Kwa munthu wa kumudzi kwenikweni, kumene ejenti ali mmodzi ndipo banki ili ulendo wa tsiku, kusankha kumachepa. Kumeneko banki m'khonde yoyendetsedwa bwino ndi foni ndizo zilipo, ndipo akaunti ya gulu ku banki kapena ku SACCO imathandiza anthu 20 ndi ulendo umodzi wa anthu atatu. Wa m'tauni muno alibe chifukwa chokhalira ndi njira imodzi.

Mlamu anandimvetsera mpaka tiyi anazizira. Kenaka anati, "Ndiye alamu mukuti ndizigawe patatu?" Ndinati eya. Za usipa wa Lachisanu anaziika pafoni usiku womwewo kwa ejenti wa pafupi ndi kwathu, poti zinali zopita ku Usisya basi. Za fizi anazisiya ku gulu lawo la amayi a kutchalitchi, koma anakawauza kuti chaka chino sabwereka ngati alibe chogulira, ndipo akuti panali mkangano ndithu asanamulole. Gulu lachiwiri lomwe analowa mu Janyuwale anati atulukamo akagawana. Za malata zija ndinamuperekeza ku SACCO ina m'tauni Lolemba lotsatira. Fomu inali yachingerezi, tinadzaza limodzi pabenchi panja, ndipo atafika pa mzere wofunsa wodzalandira ndalamazo iye atamwalira anaima kaye nthawi yaitali, n'kulemba dzina la mwana wa Fomu 3 uja.